Cimene Kamera Imasiya Kunja

Kodi munthu amene wajambula cithunzi coona, osasinthamo kanthu, angakhale wabodza? Yankho lake likuyambira m'manja mwanu, mu foni imene mukuwerengerapo nkhani ino.

Itembenuzeni muone kagalasi ka kamera. N'kozungulira. Kuwala kukadutsa pa kagalasi kameneka, kamene timati lenzi, kumapanga cithunzi cozungulira. Koma cimene mumatumiza pa WhatsApp cimakhala ca ngodya zinayi. Kusinthaku kumacitika pa sensa, kacipangizo kokhala kumbuyo kwa lenzi kamene kamalandira kuwala. Sensa ndi ya ngodya zinayi, ndipo ciliconse cogwera kunja kwa malire ake cimatayika inu musanacione.

Zifukwa zake n'zomveka. Masensa amadulidwa pa mbale yopyapyala ya silikoni, ndipo mafakitale ambiri amagwiritsa nchito mbale za mamilimita 300 m'lifupi. Zinthu za ngodya zinayi zimagundana bwino ngati njerwa, pomwe zozungulira zimasiya mipata ngati vitumbuwa m'beseni, ndipo mpata uliwonse ndi ndalama yotayika. Caciwiri, timadontho tolandira kuwala, mapikiseli, timayalidwa m'mizere ngati cimanga m'munda, ndipo foni imatiwerenga mzere ndi mzere. Cacitatu ndi cizolowezi cabe. Kamera ya Leica, imene anakonza Oskar Barnack ndipo inayamba kugulitsidwa mu 1925, inazoloweza anthu cithunzi ca mamilimita 36 ndi 24. Kale zinali zina: kamera yoyamba ya Kodak, ya George Eastman mu 1888, inkatulutsa zithunzi zozungulira.

Mwana wa Giredi 9 angawerengere zimene zimatayika. Lembani cozungulira pa pepala, mulowetsemo bokosi la muyeso wa 4:3, umene masensa a mafoni ambiri amatsatira. Bokosilo litenga magawo 61 okha pa 100 alionse. Mukasankha vidiyo ya 16:9, foni imadulanso gawo limodzi mwa anayi a sensayo.

Tsopano tengani masamuwa mupite nawo ku Mkaika, kuno ku Katete, kumapeto kwa Ogasiti, pamene mafumu a Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Anthu akamaonera gule amazinga bwalo mbali zonse. Pakati pali cirombo, pambali pali oimba ng'oma, apo amayi akuyankha nyimbo ndi kuomba m'manja, uko atsabwalo akusunga dongosolo. Ndiye mafoni amakwera m'mwamba, oimikidwa ciriri monga TikTok imafunira. M'kampata kopapatizako mumalowa cirombo cokha. Woonera ali ku London amaona fumbi ndi nthenga, osadziwa kuti popanda amayi aja ndi ng'oma zija palibe gule. UNESCO italemekeza Gule Wamkulu mu 2005, inalemekeza mwambo wonse, bwalo ndi anthu ake omwe.

Wina anganene kuti, “Aphunzitsi, nanga diso la munthu limaona zonse?” Akunena zoona. Ngakhale sensa itakhala yozungulira, ikanakhalabe ndi malire. Wojambula aliyense amasankha, ndipo kusankha pakokha si bodza. Wojambula mwana wake pa tsiku lomaliza sukulu n'kusiya mulu wa zinyalala kunja sananamize munthu. Conco mlandu suli pa makina. Fakitale inasankha kukula kwa bokosi, koma kumene bokosilo laloza ndi nchito ya dzanja lanu.

Muyeso umene ndikuuona woyenera ndi uwu: kodi cimene ndasiya kunja cikanasintha maganizo a woonera? Ngati yankho ndi inde, ndipo ndikudziwa, ndiye kuti ndanama, ngakhale pikiseli iliyonse ikhale yoona.

Tiyerekeze mayi wogulitsa nthoci m'mbali mwa Great East Road. Mnyamata watola ndalama m'mbale mwake, iye wamugwira malaya n'kumukalipira. Wina waimika foni, koma dzanja la mnyamata logwira ndalama lagwera kunja kwa malire. Pofika madzulo vidiyo yazungulira magulu onse, ndipo mayiyo wasanduka nkhalamba yankhanza yozunza ana. Makasitomala ayamba kumulambalala. Palibe cimene cinapekedwa, komabe munthu waweruzidwa molakwa. Pabwalo la anyakwawa mlandu sugamulidwa wina asanalankhule. Pa Facebook timagamula ndi magawo 61, mwina osakwana n'komwe.

Bodza lotere limapwetekanso woonera. Mtsikana wa ku Sinda kapena ku Vubwi amaona msuweni wake wa ku Lusaka atatsamira galimoto yonyezimira, n'kuyamba kunyoza dimba limene likumulipirira sukulu. Saona kacipinda ka lendi kogonamo anthu asanu, saonanso mwini galimoto ataima pambali kudikira kuti acoke. Akuyerekeza moyo wake wonse ndi kacidutswa kosankhidwa bwino ka moyo wa mnzake.

Sindikunena kuti tisiye kujambula. Zithunzi za ku Mkaika zidzakhala cuma kwa adzukulu athu. Koma musanadinde, bwererani m'mbuyo mapazi awiri, mugoneke foni cammbali, muone amene walowa. Ngati simungathe kumulowetsa, lembani pansi pa cithunzi kuti analipo. Ndipo cithunzi ca wina cikakufikani cikukupsetsani mtima, musathamangire kucitumiza kwa ena. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsani kaye amene anaima kumanzere, amene anaima kumanja, ndi cimene cinacitika foni isanatuluke m'thumba.