Dzanja pa Sikelo

Ndili mwana, agogo anga ankakonda kunena kuti mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mawu amenewa ndinakula nawo, ndipo sindinawakayikirepo kufikira chaka changa chachiwiri kusukulu ya ukachenjede, pamene ndinayesa kuzimira mnzanga ndevu koma n'kupsa tonse awiri.

Nkhani yake inali yotere. Mnyamata amene ndinkagona naye chipinda chimodzi, yemwe mwa chizolowezi cha ophunzira ndinkangomutchula kuti mesho, anataya mayi ake pakati pa teremu. Anapita kumudzi kukaika maliro, nakhalako masabata awiri. Pobwera anapeza kuti ntchito imene mphunzitsi wina anatipatsa, yolemba nkhani ya masamba khumi, inali yoti iperekedwe m'mawa mwake. Usiku umenewo anangokhala pabedi lake ali duu, dzanja lili patsaya. Kenaka anati, "Aise, tandibwereka yako ija ndingoona m'mene waisanjira." Ndinadziwa kuti sikunali kungoona. Iyenso anadziwa kuti ndadziwa. Ndinamupatsa, n'kutembenukira kukhoma, n'kugona tulo tabwino ta munthu amene wachita chifundo.

Patatha masabata angapo, mphunzitsi uja anatiitanitsa ku ofesi kwake. Anayala mapepala athu patebulo moyandikana. Mnzangayo anali atasintha mawu apa ndi apo, koma panali chaka china chimene ine ndinalakwitsa pokopera m'buku, ndipo iyenso anachilakwitsa chimodzimodzi. "Anyamata inu," anatero mphunzitsiyo, "anthu awiri atha kugwirizana pa choona popanda kukumana. Koma akagwirizana pa cholakwa, ndiye kuti anakumana." Tonse awiri anatipatsa ziro. Mtima unandiwawa, ndipo ndinati, "Aphunzitsi, ine sindinabe kanthu. Ntchitoyi ndinailemba ndekha." Iwo anayankha mosakweza mawu: "Simunabe ayi, koma munathandiza kundinamiza. Mukanabwera kudzandiuza za maliro, ndikanamuonjezera masiku mnzanuyu."

Papita zaka zambiri tsopano, koma funso limene ndinatuluka nalo mu ofesi ija silinandichoke. Kodi ndinalakwa chiyani? Malamulo a sukulu ndinawaswa, zimenezo sindikana. Sukulu iliyonse ya ukachenjede ili ndi malamulo oletsa kuonerana mayeso, kulowa ndi likasa m'chipinda cha mayeso, kulembera wina mayeso, ndi kutenga zolemba za munthu wina n'kuzipereka ngati zako. Koma kuswa lamulo ndi kulakwa si nthawi zonse pamene zimakhala chinthu chimodzi. Mbiri ya dziko lathu ili ndi anthu amene anaswa malamulo ndipo lero timawalemekeza. Tsono funso lenileni ndi lakuti, kodi lamulo la m'kalasili likuteteza chinthu chenicheni, kapena ndi mwambo chabe wa asukulu umene ukulimbana ndi umunthu wathu?

Amene amati lamuloli ndi lachilendo ali ndi mfundo yosafunika kuinyoza. Kwathu kuno timati mutu umodzi susenza denga. Munda ukamukulira munthu, amafulula thobwa n'kuitana anzake kudima, ndipo palibe amene amati chimanga chotuluka m'mundamo n'chakuba. Nthano imene agogo ankatiuza madzulo inalibe mwini wake. Aliyense ankaifotokoza m'mene angathere. Nanga bwanji mwana woleredwa motere akafika kuyunivesite auzidwe kuti kuthandizana ndi mlandu? Ine ndinaganizapo choncho kwa nthawi yaitali, ndipo maganizo amenewa ankanditonthoza.

Chimene chinandisintha ndi chinthu chaching'ono chomwe ndinaona kusikelo ya ana, nditaperekeza mlongo wanga. Ana ankawakoloweka pasikelo mmodzimmodzi, wazaumoyo n'kumalemba kulemera kwawo m'kabuku. Ndinadzifunsa: bwanji mayi wina, pochita manyazi kuti mwana wake ndi wopepuka, atakanikiza sikeloyo mobisa ndi dzanja? Nambala ikhoza kukwera, wazaumoyo n'kumwetulira, mayiyo n'kubwerera kwawo wopanda manyazi. Koma mwanayo sananenepe. Choipa kwambiri n'chakuti chiponde chimene akanalandira sachilandiranso, poti kabuku kakuti ali bwino. Dzanja lachifundo lija lamubera mwanayo thandizo.

Apa mpamene ndinaona kusiyana kwa dima ndi mayeso. Cholinga cha dima ndi chakuti munda ulimidwe. Amene wagwira khasu alibe nazo kanthu, bola mizere ithe. Koma cholinga cha mayeso si chakuti pepala lidzaze. Mphunzitsi uja sankasowa nkhani ya masamba khumi, poti zimene tinalembazo ankazidziwa kale kuposa ife. Ankafuna kudziwa kuti m'mutu mwa wophunzira aliyense muli chiyani. Mayeso ndi sikelo. Ine usiku uja sindinathandize mnzanga kulima. Ndinaika dzanja langa pasikelo yake.

Ndipo si zoona kuti kutchula mwini mawu ndi khalidwe lobwera ndi Azungu. Munthu wamkulu poyankhula pabwalo amayamba ndi kuti "akuluakulu anati", pofuna kuonetsa kuti nzeruyo waipeza, sanaipange yekha. Mboni pamlandu imafunsidwa ngati inaona ndi maso kapena inangomva. Mthenga akafika kwa mfumu amanena amene wamutuma. Makolo athu ankadziwa bwino kuti mawu ali ndi kochokera, ndipo wobisa kochokerako ankamutcha wabodza. Chimene yunivesite yaonjezera ndi kalembedwe kake basi: dzina la wolemba, chaka ndi tsamba.

Wina atha kunena kuti, chabwino, koma wapwetekedwa ndani? Wakuba mbuzi amasiya khola lopanda kanthu, pamene woonera mayeso sachotsa kalikonse m'mutu mwa mnzake. Vuto la mlandu uwu ndi lakuti opwetekedwa ake sakhala m'chipindamo. Woyamba ndi wophunzira uja amene anachezera usiku wonse kuwerenga, napeza malikisi ochepa koma akeake, kenaka n'kupitiriridwa pa ntchito ndi mnzake wa likasa. Wachiwiri sanafike n'komwe: ndi wodwala amene adzagone pamaso pa dokotala, mlimi amene adzamvere mlangizi, mwana amene adzakhale m'kalasi la mphunzitsi, anthu amene adzawoloke pamlatho wa injiniya. Onsewa sangathe kumuyesa okha katswiriyo. Amakhulupirira pepala. Digiri ndi lonjezo limene sukulu imapereka kwa anthu osawadziwa, lakuti munthu uyu tamuyesa ndipo akudziwa.

Lonjezo limeneli likasweka, amalipira ndi onse. M'mwezi wa Novembala chaka cha 2020, boma linaimitsa mayeso a MSCE ali mkati atadziwika kuti mapepala ena anabedwa n'kumafalitsidwa pa mafoni. Ophunzira onse, olakwa ndi osalakwa omwe, anabwerera kwawo n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Mtsikana wa kumudzi amene analibe ndi foni yomwe analangidwa pamodzi ndi akuba. Kunja nakonso nkhani ndi yomweyi. M'chaka cha 2011, nduna ya zachitetezo ya dziko la Germany, Karl-Theodor zu Guttenberg, inatula pansi udindo yunivesite ya Bayreuth itailanda digiri ya udokotala kaamba kokopera zolemba za ena. Chaka chotsatira, pulezidenti wa dziko la Hungary, Pál Schmitt, anatulanso pansi udindo pa chifukwa chofanana. Nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka, ndipo imaguluka mwini ali pamwamba pa mtengo.

Komabe sindikufuna kuti nkhaniyi ikhale yoopseza ndi kugwidwa, chifukwa ambiri obera sagwidwa. Ine ndi mesho tinagwidwa kaamba ka chaka chimodzi cholakwika; pakanapanda chimenecho, bwenzi tikuseka mpaka lero. Mgiriki wina wakale, Plato, anafotokoza nthano ya mbusa amene anatola mphete yomuchititsa kusaoneka, n'kufunsa ngati pali munthu amene angakhalebe wolungama atavala mphete yotere. Wophunzira wa lero mpheteyo ali nayo m'thumba. Chiyambire kumapeto kwa chaka cha 2022, pamene ChatGPT inatulukira, makina atha kulemba nkhani ya masamba khumi m'kanthawi kochepa, yopanda chaka cholakwika chofanana ndi cha mnzako. Alipo mapulogalamu a kompyuta monga Turnitin ofufuzira zokopera, koma mlenje akaphunzira kutchera, nayo mbewa imaphunzira kulambalala. Pamapeto pake mlonda amene watsala ndi mtima wa wophunzira mwini.

Tsono mtimawo tiuuze chiyani? Ine ndingauuze kuti wobera amadzibera yekha poyamba. Makolo amagulitsa fodya, mbuzi ndi chimanga kuti mwana akatenge nzeru, iye n'kubwerako ndi pepala lokha. Ali ngati munthu wotumidwa kuchigayo amene wabwera ndi thumba lokongola lopanda ufa. Ndiponso amakhala moyo wake wonse ndi mantha a munthu wovala malaya a mwini, osafuna kufunsidwa funso pagulu, wokwiya msanga wina akafuna kuona ntchito yake. Amene anazolowera kuika dzanja pasikelo ya m'kalasi savutika kudzaliikanso pasikelo ya mu ofesi, pamene zoyezedwazo ndi ndalama za anthu.

Kunena chilungamo, mlanduwu suli pa ophunzira okha. Mphunzitsi amene amafuna kuti ophunzira amubwezere notsi zake liwu ndi liwu akuphunzitsa kukopera, ngakhale akuletsa ndi pakamwa. Amene amapereka mafunso omwewo chaka ndi chaka akutchera ana msampha. Amene amagulitsa malikisi ndi ndalama kapena ndi thupi la wophunzira alibe nkhope yoimira kutsogolo n'kumalalikira za chilungamo. Malamulo nawonso ayenera kukhala omveka. Ku yunivesite ya Harvard m'chaka cha 2012, ophunzira pafupifupi 125 anafufuzidwa pa mayeso olembera kunyumba, ndipo ena mwa iwo anadandaula kuti malire a kukambirana ndi kuonerana sanali omveka bwino. Ngati zotere zichitika kumalo kodzaza mabuku, nanji kumene ophunzira ambirimbiri amalimbirana buku limodzi? Sukulu imene ifuna chilungamo iyenera kunena poyera pamene pathera kuthandizana, ndi kutsegula khomo loti wophunzira amene wagwa m'mavuto alowepo popanda mantha.

Khomo limenelo linalipo usiku uja, koma ine sindinalione. Ndinkaganiza kuti njira zinali ziwiri zokha: kumupatsa pepala kapena kumukaniza. Yachitatu inali yovuta kuposa zonsezi. Ndikanadzuka m'mawa n'kumuperekeza kwa mphunzitsi kukafotokoza za maliro. Ndikanakhala naye masiku otsatirawo, kumuonetsa mabuku amene ndinawerenga, kukambirana naye mpaka atalemba zakezake. Zimenezi zikanandidyera nthawi ndi tulo. Kumupatsa pepala kunali kosavuta, ndipo ndikaunguza bwino mumtima mwanga, ndimapeza kuti ndinasankha njira imeneyo osati chifukwa chomukonda kwambiri, koma chifukwa inali yachidule ndipo ndinkaopa kuoneka woipa. Umunthu weniweni ukanandituma kusenza naye katunduyo, osati kumubisira kuti katunduyo kulibe.

Chinanso chimene sindinayembekezere n'chakuti chifundo changacho chinaononga ubwenzi wathu. Kuchokera tsiku la ziro lija, mesho sankathanso kundiyang'ana m'maso. Iye ankadziona ngati wandigwetsa m'dzenje, ine ndinkamuona ngati ngongole. Chaka chotsatira aliyense anapeza chipinda china. Phunziro lija anakhoza ndithu pamayeso otsiriza, ndi mutu wake womwe, zomwe zikuonetsa kuti pepala langa sankalisowa. Ankasowa masiku ochepa ndi munthu womulimbitsa mtima.

Mawu a agogo aja sindinawataye. Mnzako akapsa ndevu uyenera kumuzimira ndithu. Chimene ndinaphunzira mochedwa n'chakuti kuzima moto ndi kuphimba utsi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Lero mwana wa mlongo wanga, yemwe uja ndinamuona ali lende pasikelo, ali kusukulu ya ukachenjede. Tsiku lomwe ankanyamuka ndinamufotokozera nkhani yonseyi, osabisa mbali yanga. Anandifunsa kuti, "Tsono amalume, mnzanga akadzandipempha ndidzamukanize?" Ndinamuyankha kuti adzamupatse nthawi yake, mabuku ake, ngakhale chakudya chake, koma dzanja lake lisadzakhudze sikelo.