Unikani Chiwindi Musanagwire Mpeni

Ana inu amene mwayamba kulowa m'chipinda cha opareshoni, tcherani khutu pa za chiwindi. Kunja n'chosalala, sichiulula kanthu. Mitsempha yake ikuluikulu yabisala m'kati, ndipo mukaudula umodzi mosadziwa, magazi amadzaza msanga moti simuonanso pamene mukugwira.

Mu 1957 Claude Couinaud wa ku France analongosola kuti chiwindi chili ndi zigawo 8, chilichonse ndi mitsempha yakeyake. Koma malire a zigawozo saoneka ndi maso. Masatoshi Makuuchi wa ku Japan ndiye anatiphunzitsa kuwapeza wodwala ali patebulo: ankaika kachipangizo ka ultrasound pachiwindi penipeni, n'kupeza mtsempha wodyetsa chigawo chodwala, n'kubayamo utoto. Chigawocho chikasintha mtundu, ankachotsa chokhacho. Njirayi anaifalitsa mu 1985.

Sikani ya pamimba imalimbana ndi khungu, mafuta, nthiti ndi mpweya wa m'matumbo. Ya m'kati ilibe chotchinga, choncho imatha kugwira tizotupa timene CT inatiphonya. Apa ndi pamene achinyamata mumalakwitsa: mumathamangira chotupa chimene mukuchidziwa kale, kuchiyeza, basi mwatha. Ayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambirani kumtunda, pamene mitsempha itatu yotulutsa magazi imathira mu vena cava, muutsate uliwonse mpaka kumapeto. Mukatero tsikirani ku portal vein ndi nthambi zake. Musazisokoneze: nthambi za portal vein zili ndi makoma owala, mitsempha inayo makoma ake saoneka kwenikweni. Chotupa chanucho muchione pomaliza, muyeze kuti chatalikirana bwanji ndi mtsempha waukulu. Zonsezi muchite musanacheke, chifukwa mpweya ukalowa pabala chithunzi chimasokonekera.

Kwathu kuno khansa ya chiwindi imakonda kudza ndi hepatitis B komanso poizoni wa chuku cha mu mtedza ndi chimanga. Odwala ambiri chiwindi chawo chimakhala chitauma kale, chili ndi timibulu ponseponse, ndipo zala zanu, ngakhale muzikhulupirire chotani, sizingasiyanitse kambulu wamba ndi khansa. Chiwindi chotere sichiphukanso bwino, ndiye musachotse chambiri ngati mmene mungachitire ndi chabwinobwino. Wodwalayo adzakhala ndi moyo ndi chimene mwamusiyira.

Mukamaliza kudula, musafulumire kusoka. Bwezeranipo kachipangizo kaja, muyatse Doppler, mutsimikize kuti m'chigawo chotsalacho magazi akulowa ndiponso akutuluka.