Phokoso ndi tulo ta mnansi

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, usiku wa ku Kasungu umasintha. Alimi amene akhala akuvutika kuyambira pa nazale mu Seputembala, kuokera, kuthyola, kusoka, kuyanika m'zigafa mpaka kudinda mabelo, amayamba kulandira thukuta lawo. Ku Chinkhoma komweko, ku Chatoloma, ku Santhe ndi ku Chamama nyimbo zimayamba dzuwa lisanalowe n'kudzaleka atambala atalira. Wina amagula sola, batire ndi zokuzira mawu, n'kuziika pakhonde kuti mudzi wonse udziwe kuti chaka chino fodya wayenda bwino. Munthu wagwira ntchito, ndipo palibe angamuletse kukondwera.

Koma miyezi yomweyi, kuyambira Meyi mpaka Julayi, ndi imene ana a Sitandade 8 ndi a Folomu 4 amalemba mayeso. Kuseri kwa malo omwera mowa kumakhala mtsikana amene akuwerenga ndi tochi, atatseka makutu ndi zala. Nyumba ina muli agogo odwala matenda othamanga magazi, ina muli mayi amene khanda lake langogona kumene. Pali tenanti amene ayenera kudzuka mbandakucha kukasankha fodya kukadali chinyezi. Onsewa akumva nyimbo imene sanaipemphe, ndipo alibe pothawira.

Mwini zoimbira akafunsidwa amayankha mosavuta: ndalama n'zake, pakhomo m'pake, ndipo sanamenye munthu kapena kumubera. Yankho limeneli ndi lofunika kuliunika bwino, chifukwa ambiri amene amalipereka si anthu oipa mtima. Kodi munthu angalakwire mnzake ndi chinthu chosaoneka, chosasiya chipsera, chimene m'mawa chimakhala chatha?

Khutu lilibe chikope

Diso lili ndi chikope, ndipo munthu akafuna kusaona amangotsinzina. Khutu limakhala lotseguka usana ndi usiku. Munthu ali m'tulo, khutu limapitirizabe kulondera, n'chifukwa chake mayi amadzidzimuka mwana akangolira pang'ono. Phokoso lalikulu likamveka, thupi limaliyesa ngozi. Limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, magazi amakwera. Zimenezi zimachitika ngakhale munthuyo asadzuke. Amene amanena kuti phokoso analizolowera amanena zoona pang'ono chabe: maganizo amazolowera, koma mtima umagundabe mofulumira usiku uliwonse.

Kukula kwa phokoso amakuyeza m'madesibelo. Anthu awiri akamacheza bwinobwino amakhala pa madesibelo pafupifupi 60. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 1999 kuti m'chipinda chogona phokoso lisapitirire 30, ndipo m'kalasi lisapitirire 35. Zokuzira mawu za pa dansi zimatha kufika pa 100. Muyeso umenewu sukwera ngati sikelo ya pa msika, chifukwa madesibelo 10 akawonjezereka ndiye kuti mphamvu ya phokosolo yachuluka kakhumi. Munthu wogwira ntchito tsiku lonse pa malo opitirira 85, monga anyamata a m'zigayo, amaononga timitsempha tosaoneka ta m'kati mwa khutu, ndipo tikafa sitimeranso. Ambiri amayamba ndi kumva kulira m'makutu usiku, kenaka amayamba kufunsa anzawo kuti abwereze zimene anena.

Mu 2011 bungwe lomweli linawerengera kuti kumadzulo kwa Ulaya kokha, phokoso la magalimoto, sitima ndi ndege limalanda anthu zaka zosachepera miliyoni imodzi za moyo wathanzi chaka chilichonse, makamaka kudzera m'kusowa tulo ndi kusautsika mumtima. Munthu wosagona sachedwa kupsa mtima. Mphunzitsi amakalipira ana popanda chifukwa, bambo ndi mayi amakangana pa nkhani ya mchere, woyendetsa kabaza amasinza pa msewu. Palibe amene amakumbukira kuti mkanganowo unayambira pa zoimbira za dzulo.

Zimene phokoso limachita mumtima

Mu 1975 katswiri wina wa za maganizo, Arline Bronzaft, anafufuza sukulu ina ya mumzinda wa New York imene inali pafupi ndi njanji. Makalasi a mbali imodzi anayang'anizana ndi njanjiyo, ndipo sitima ikamadutsa mphunzitsi ankayamba waima kaye. Makalasi a mbali inayo anali pa malo a bata. Ana a sukulu imodzi, ochokera m'mabanja ofanana, anasiyana: pofika kalasi lachisanu ndi chimodzi, a mbali ya njanji anali atatsalira pa kuwerenga pafupifupi chaka chathunthu. Akuluakulu ataika mphira pa njanjiyo ndi zotchinga phokoso ku denga la makalasi, kusiyanako kunatha. Nzeru anali nazo zofanana, chimene ana enawo ankasowa ndi mpata womvetsera. Makolo a sukulu zoyandikana ndi misika, zigayo ndi nyumba zoonetsera mavidiyo ali ndi chifukwa choganizira nkhani imeneyi.

Chaka chomwecho ofufuza ena awiri ku America, Mathews ndi Canon, anayesa chinthu china. Munthu wovala chikhakha pa mkono ankagwetsa mabuku pa njira anthu akudutsa. Kukakhala bata, anthu pafupifupi 80 pa 100 aliwonse ankaima n'kumuthandiza kutola. Akaliza makina otchetchera udzu pafupi, othandiza ankatsika kufika pa 15. Phokoso limapanikiza maganizo, munthu amangofuna kuchokapo msanga, ndipo wovutika amene ali pambali pake samuonanso. Akhristu amadziwa bwino fanizo la Msamariya wachifundo, mmene wansembe ndi Mlevi analambalala munthu wovulala. Zikuoneka kuti mudzi waphokoso umachulukitsa anthu olambalala, ngakhale pakati pa amene mwachibadwa ndi achifundo.

Kafukufuku wina amafika pa gwero la mlanduwu. David Glass ndi Jerome Singer, m'buku lawo la mu 1972, anafotokoza mmene anaikira anthu m'chipinda cha phokoso lobwera mosayembekezeka. Ena anawapatsa batani loti angathe kuzimitsira phokosolo atafuna, ena sanawapatse. Ambiri mwa amene anali ndi batani sanalidine n'komwe, komabe pa ntchito imene anapatsidwa pambuyo pake anapirira kwambiri ndipo analakwitsa zochepa kuposa anzawo. Chimene chimapweteka kwambiri si kukula kwa phokoso kokha, koma kudziwa kuti munthu ulibe mphamvu yolithetsa.

Apa m'pamene pagona kusamvana kwa mwini zoimbira ndi mnansi wake. Mwiniyo ali ndi batani m'manja, nyimbo anasankha yekha, ndipo akatopa azimitsa. Kwa iye palibe phokoso, pali chisangalalo. Mnansi sakudziwa kuti ziyamba liti ndipo zitha liti. Akadandaula, mwiniyo amadabwa moona mtima n'kumuyesa wansanje. Koma kusamva ululu umene ukupereka sikutanthauza kuti ululuwo palibe. Tulo ta munthu wodwala ndi gawo la mankhwala ake, ndipo bata la mwana wa sukulu ndi gawo la fizi imene makolo ake analipira. Wolanda zimenezi walanda chinthu chenicheni, ngakhale m'mawa sichipezeka m'nyumba mwake.

Nanga ng'oma za makolo?

Ena amatsutsa kuti Achewa si anthu a chete. Gule wamkulu, chimtali ndi mganda sizivinidwa monong'ona. Mkwatibwi amalandiridwa ndi nthungululu, ndipo pa maliro anthu amachezera kuimba kuti ofedwa asakhale okha. Pali phokoso lopulumutsa moyo. Chibwerere njovu 263 kuchokera ku Liwonde kupita ku nkhalango ya Kasungu mu 2022, anthu a m'midzi yoyandikana nayo amachezera kumenya zitini ndi kukuwa poteteza minda yawo, ndipo palibe wanzeru angawadzudzule. Mfuu ya kuti kwabwera akuba kapena nyumba ikupsa imadzutsa mudzi wonse, ndipo aliyense amathokoza.

Mawu amenewa ndi oona, koma ng'oma ya makolo inali ndi malire ake. Isanalire, mfumu inkadziwa, mudzi unkadziwa tsiku ndi chifukwa chake. Inkalira pa bwalo limene aliyense anali woitanidwa. M'mudzi mukakhala matenda aakulu kapena zovuta, gule ankaimitsidwa. Komanso ng'oma imaimbidwa ndi manja a munthu, ndipo manja amatopa. Chokuzira mawu sichitopa, sichipempha chilolezo kwa mfumu, ndipo munthu mmodzi yekha akhoza kudzutsa nacho mabanja ambirimbiri iye mwini atagona pampando. Makolo omwewo ndi amene anachenjeza kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Si Amalawi okha amene anadziwa kuti phokoso lili ndi nyengo yake. Ku Accra m'dziko la Ghana, mafumu a mtundu wa Ga amaletsa ng'oma ndi phokoso kwa mwezi wathunthu chaka chilichonse, pokonzekera chikondwerero chawo cha Homowo. Anthu okonda ng'oma ndi amenenso amadziwa nthawi yoipumitsa.

Phokoso la m'nyumba ya Mulungu

Pamene nkhaniyi imavuta kwambiri ndi pa mapemphero. N'zosavuta kuloza chala ku malo omwera mowa, koma usiku wambiri chimene chimasoweka anthu tulo ndi mapemphero ochezera, maphwando a zinkhoswe za akhristu ndi zokuzira mawu za pa maliro. Ngakhale m'tchalitchi pa Misa, kiyibodi ndi masipika nthawi zina zimakwezedwa mpaka makanda kulira ndi okalamba kutseka makutu, mawu a nyimbo osamvekanso. Amene angadandaule amaopa kutchedwa wotsutsana ndi Mulungu, motero amangokhala.

Malembo Oyera sapereka chilolezo chotere. Buku la Miyambo, mutu 27, limachenjeza kuti ngakhale dalitso, likaperekedwa mofuula m'mamawa, mnansi amalilandira ngati temberero. Mneneri Eliya pa phiri la Horebu sanapeze Mulungu mu mphepo yamkuntho, m'chivomezi kapena m'moto, koma m'kamphepo kayaziyazi. Ambuye Yesu ankadzuka kusanache kupita kwa okha kukapemphera. Mpingo nawonso unasunga mwambo wa chete: pa Lachinayi Loyera, nyimbo ya Ulemu ikatha, mabelu amakhala duu mpaka usiku wa Pasaka. Papa Fransisko, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, anatchula phokoso pakati pa zinthu zimene zikuononga malo okhala anthu, ndipo mu 2016 Kadinala Robert Sarah wa ku Guinea analemba buku lathunthu lonena za mphamvu ya kukhala chete.

Ufulu wopembedza ndi wotetezedwa m'malamulo a dziko lino, ndipo uyenera kutero. Koma ufulu woyankhula ndi Mulungu suphatikiza ufulu wokakamiza wodwala wa nyumba yoyandikana kumvera mpaka mbandakucha. Mipingo ikalephera kudziletsa, boma limalowererapo ndi dzanja lolemera. Mu 2018 dziko la Rwanda linatseka matchalitchi pafupifupi 700 mumzinda wa Kigali, ndipo phokoso linali chimodzi mwa zifukwa zake. Kuno lamulo la za chilengedwe la mu 2017 limapatsa munthu aliyense ufulu wokhala pa malo aukhondo ndi athanzi. Mkhristu sayenera kudikira wapolisi kuti amuphunzitse chikondi.

Amene amavutika kwambiri

Phokoso siligwera anthu mofanana. Wopeza bwino amamanga kutali ndi msika, amakhala ndi mpanda ndi mawindo a magalasi. Amene amachita lendi kachipinda kuseri kwa bala, tenanti wa m'chisakasa cha udzu ndi mnyamata wa m'chigayo alibe chotchinga. Kawirikawiri mwini phokoso ndi yemweyo amene ali mwini nyumba, bwana wa esiteti kapena wokongoza ndalama, choncho wovutikayo sangatsegule pakamwa. Kukhala chete kwake si kuvomera.

N'chifukwa chake mphakati uli ndi ntchito pa nkhani imeneyi. Chetechete sautsa nyama, koma mayi wamasiye sangapite yekha kukagogoda pa chitseko cha munthu wandalama. Atsogoleri a mphakati pamodzi ndi mfumu akhoza kupita m'malo mwake, mwaulemu, masana, mowa usanalowe m'mutu. Akhoza kugwirizana za ola limene nyimbo ziyenera kutsika, makamaka m'masabata a mayeso. Banja lokonza chinkhoswe kapena gulu lokonza mapemphero ochezera likhoza kudziwitsa anansi masiku angapo zisanachitike, kufunsa ngati pafupi pali wodwala, kutchula ola lomaliza ndi kulisunga. Kudziwitsa kokhako kumachepetsa ululu, chifukwa kumabwezera mnansi kagawo ka batani lija. Masipika akhoza kuyang'ana kwa anthu amene abwera m'malo moyang'ana kumudzi. Eni zigayo akhoza kugulira antchito awo zotsekera m'makutu, zimene mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi khutu la munthu.

Palinso njira imodzi yoyesera imene safuna makina. Nyimbo zili m'kati, nthawi itakwana 10 koloko usiku, mwini zoimbira kapena mtsogoleri wa mapemphero achoke pa malopo, ayende mpaka pa nyumba yapafupi, aime pa windo la chipinda chimene mukugona mwana. Zimene amve pamenepo ndi zimene banjalo likumva. Akatero abwerere, akatsitse mpaka pa mlingo umene iye mwini angalole utakhala kuti mwana amene akulemba mayeso mawa ndi wake.