Pakati pa 10 ndi 20

Anzanga, mundilole ndiyambe ndi kanthu kooneka ngati kachabe. Pa tebulo langa pali kakompyuta kakale kotchedwa ZX Spectrum, kamene kampani ya Clive Sinclair inatulutsa ku Britain m'chaka cha 1982. Nkakang'ono ngati buku, mabatani ake ndi a labala, ndipo kalibe galasi lakelake: umakalumikiza ku wailesi ya kanema, zimene walemba nkuzisunga pa kaseti ya nyimbo. Ndinakagula kwa wogulitsa zakale kuti ndiziseŵera nako madzulo, koma m'maseŵeramo ndakumana ndi funso limene landisoŵetsa tulo.

Kakompyutaka kamamva chilankhulo cha BASIC, chimene aphunzitsi aŵiri, John Kemeny ndi Thomas Kurtz, anakonza pa koleji ya Dartmouth ku America m'chaka cha 1964, kuti ngakhale ophunzira osakhala a sayansi azitha kulamula makina. Malamulo ake amalembedwa m'mizere, ndipo mzere uliwonse uli ndi nambala, kuyambira 1 kulekeza 9999. Makinawo amatsata manambala, kuchokera ku yaing'ono kunka ku yaikulu, osasamala kuti unayamba kulemba mzere uti.

Tsiku loyamba ndinalemba malamulo oti makina aziŵerengera masamu ochulukitsa, ndipo mizere ndinaipatsa manambala monga tinaphunzirira ku sukulu: 1, 2, 3, mpaka 14. Nditayesa, yankho linatuluka lolakwika, pakuti ndinali nditaiŵala lamulo lina pakati pa mzere 4 ndi mzere 5. Nanga ndikanaliika pati? Spectrum ya 1982 ilibe lamulo losinthira manambala onse pamodzi. Ndinayenera kusintha mizere yonse yotsatira umodziumodzi, kufikira usiku. Apo mpamene ndinamvetsa chifukwa chake odziŵa amalemba 10, 20, 30. Amasiya malo asanu ndi anayi pakati pa mzere ndi unzake, kuti cholakwa chikaoneka maŵa, apeze poika 15.

Taganizani bwino. Munthu wolemba 10 ndi 20 akuvomereza kuti adzalakwa, pamene sanalakwe nkomwe. Sakudziŵa kuti cholakwacho chidzakhala chotani, koma wachikonzera kale mphasa. Wolemba 1, 2, 3 akunena mosadziŵa kuti nzeru zake za lero nzokwanira mpaka muyaya. Funso langa nali: kodi m'mau athu kwa anzathu tiyenera kusiya malo otere, kapena kutero nkufooka?

Sindikufunsa mwa maseŵera. Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo ndinakangana ndi mng'ono wanga pa nkhani ya ngongole imene sanabweze. Ndinamuuza kuti, "Iwe, usadzapondenso pakhomo panga." Mau amenewo ndinawalemba 1, 2, 3. Sindinasiye poika "kufikira utabweza", kapena "pokhapokha pakagwa zovuta". Patapita nthaŵi ndinamva kuti ndalamazo zinathera kuchipatala, mwana wake atadwala. Mzere woiŵalika unaoneka, koma malo ake panalibe. Iye amandimvera monga amamverera makina: sanapondepo mpaka lero.

Wina mwa inu anganditsutse, ndipo ali ndi mfundo. Angati munthu amene mau ake onse ali ndi mipata sangadalirike. Lero walonjeza, maŵa waloŵetsapo "koma". Angakumbutsenso za Edsger Dijkstra, katswiri wa ku Netherlands, amene m'chaka cha 1968 analemba kalata yotsutsa lamulo la GO TO, lija louza makina kuti adumphe kupita ku mzere wina. Anaona kuti kudumphadumpha kumasokoneza ntchito kufikira mwini wake yemwe asathe kuitsata. Nzoona: ndaonapo anthu amene moyo wao wonse ndi zigamba, chigamba pamwamba pa chigamba, nsalu yeniyeni osaonekanso.

Koma yang'anitsitsani chimene chimachitika ukalemba mzere 15. Mzere 10 ukhalapobe, mzere 20 ukhalaponso, ndipo makina adzachita zonse zitatu. Kuwonjeza sikufafaniza. Kufafaniza ndi ntchito ina: pa Spectrum ukalemba nambala yokha, wopanda lamulo, nkudina ENTER, mzere wonse wa nambala imeneyo uchoka, makina osakufunsa ngati watsimikiza. Wonama ndiye amene amafafaniza lonjezo lake mwakachetechete chotero. Wosiya mpata sathaŵa mau ake. Amangovomera kuti sanaone zonse. Ndiponso mipatayo ili ndi malire. Pakati pa 10 ndi 20 pali malo asanu ndi anayi basi. Akatha, uyenera kukhala pansi, kuvomera kuti maganizo ako anapotoka kuchokera pa chiyambi, nkulembanso mwatsopano.

Choncho yankho langa ndi ili. Lonjezo lochitira mnzako zabwino ulimange zolimba, pakuti iye adzatsamirapo. Koma chiweruzo chimene ukupereka pa mnzako, makamaka utakwiya, uchilembe 10, 20, 30. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Wanga wanditsata zaka zisanu ndi chimodzi.

Popeza sindinasiye malo, kwanditsalira njira yovuta ija ya usiku woyamba: kubwerera ku mzere 4 ndi kulembanso zonse zotsatira ndi dzanja langa. Kalata yopita kwa mng'ono wanga ili pa tebulo lomwelo, pambali pa kakompyuta. Ndaiyamba katatu. Loŵeruka likudzali ndikaipereka ndekha, ndipo chimene iye adzayankhe ndasiyira malo.