Nyanga ya nsatsi ndi mwana wolira m'galimoto

Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha. Ife makolo mwambi umenewu timaukonda chifukwa umatipumitsa. Mwana waona akuluakulu ali ndi nyanga, nayenso akufuna yake. Maso ake agwera pa tsinde la nsatsi kuseri kwa nyumba, wakakamira pomwepo. Wamkulu akudziwa kuti nsatsi ndi yofewa, ndi yamphako, dzuwa likangoiwomba ifota. Angalankhule mpaka malovu kuuma, mwanayo samva. Ndiye amangotenga mpeni n'kumusemera. Pofika madzulo nyanga ija yakwinyika, ndipo mwana wadziwa yekha chimene pakamwa pa kholo panalephera kumudziwitsa.

Nzeru imeneyi ndi yoona, ndipo ndimaiyamikira. Mwana amene wakana juzi m'mawa wa mwezi wa Juni, musiyeni apite. Kukam'zizira kusukulu, mawa adzalifuna yekha. Amene wathera ndalama yake yonse pa maswiti Lolemba, aone anzake akudya mandasi Lachinayi. Ana amene sanaloledwepo kulakwa amakula akudalira mutu wa munthu wina, ndipo tsiku limene kholo palibe amasowa pogwira.

Koma tiyeni tiutenge mwambiwu tilowe nawo m'galimoto. Amene anayesapo kukhazika mwana wa zaka ziwiri mumpando wake wa malamba akudziwa mmene zimakhalira. Mwana amaumitsa thupi lonse, amapinda msana, miyendo tasa, mikono akuikaniza kulowa m'malamba, kukuwa kwake kukumveka mpaka kwa aneba. Tiyerekeze kuti ndi ku Leicester kapena ku Johannesburg, kumene abale athu ambiri akulera ana, ndipo agogo abwera kudzaona mdzukulu. Akhala kumbuyo, mtima ukuwapweteka. "Mwanayu walakwanji kuti muzim'manga chonchi? Bwera naye kuno ndimufukate, si patali pamene tikupitapa." Mpongozi amayang'ana pansi. Kukaniza apongozi si chinthu chapafupi, ndiye amabisala kuseri kwa boma: "Pepani amayi, kuno apolisi salola."

Agogowa akulankhula mwachikondi, ndiponso ali ndi umboni wawo. Ana awo onse anakulira kumsana, m'chitenje, ndipo palibe amene anagwa. Kwa munthu woyenda pansi, malo otetezeka kuposa thupi la mayi kulibe. Vuto n'lakuti manja amene amakwanira pa liwiro la miyendo sakwanira pa liwiro la injini. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola, liwiro wamba la m'tauni, ikagunda chinthu imaima nthawi yomweyo, koma zonse zimene zili m'katimo zimapitirira ulendo pa liwiro lomwe lija kufikira zitagunda kanthu. Kumenyetseka kotero n'kofanana ndi kugwa kuchokera pamwamba pa mamita pafupifupi 10. M'kamphindi kameneko thupi limakokedwa ndi mphamvu yoposa kulemera kwake ka 30 kapena kupitirira apo, kotero kuti mwana wa makilogalamu 10 amasanduka katundu wa makilogalamu 300, matumba asanu ndi limodzi a chimanga, wosomphoka m'manja mwadzidzidzi. Palibe mayi, palibe bambo wamphamvu chotani, amene angagwire zimenezo. Ndipo ngati wofukatayo sanamange lamba, iye mwini ndiye amakam'phwanyira mwanayo ku mpando wakutsogolo. Akati amange lamba mmodzi kuzungulira onse awiri, thupi la wamkulu limam'panikiza mwana palambapo.

Apa m'pamene tiyenera kuuyang'anitsitsa mwambi uja. Akuluakulu posankha mtengo woti aikemo anasankha nsatsi, ndipo sanasankhe mwangozi. Nsatsi ikafota, chotayika ndi kamtengo ndi misozi pang'ono. Mwana amatsala wamoyo kuti agwiritse ntchito zimene waphunzira. Akuluakulu omwewo mwana akakwawira kumoto ankam'tsomphola osafunsa maganizo ake, akayandikira chitsime ankam'kalipira mpaka kulira. Choncho mwambiwu uli ndi malire ake amene eni ake sanaone chifukwa chowatchulira, poti aliyense ankawadziwa: msemere chimene akulirira ngati mtengo wa phunzirolo angathe kuulipira.

M'galimoto phunziro silibwera mwa njira imeneyo. Mwana wosamangidwa amapita kutchalitchi n'kubwerako bwinobwino, kumsika n'kubwerako, chaka n'kutha. Tsiku lililonse lotere limaphunzitsa banja lonse bodza lakuti mpando uja ndi wosafunika. Tsoka silinunkha, likadzafika limafika lonse kamodzi, ndipo nthawi zambiri wophunzira uja sakhalapo kuti aphunzire. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, ndipo ndizo zikutsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Bungwe lomwelo limati mipando ya ana ikhoza kuchepetsa imfa za makanda pangozi ndi 71 peresenti.

Pali winanso wolirira nyanga ya nsatsi m'nkhani imeneyi, ndipo ndi ife akuluakulu. "Mwana ndi wanga, galimoto ndi yanga, boma likulowererapo chiyani?" Mawu amenewa ali ndi mbali yake yomveka, pakuti palibe amene amafuna wapolisi amuphunzitse kulera. Munthu wamkulu akakana kumanga lamba wake, mwina wina angati msiyeni, zimufotere yekha. Koma pa nkhani ya mwana, wosankha ndi wina, wolipira ndi wina. N'chifukwa chake maiko anayamba kuika malamulo. Ku America, dera la Tennessee ndilo linayamba mu 1978, dokotala wa ana Robert Sanders atalimbana ndi aphungu kufikira atavomera. Ku Britain, kuyambira mu 2006, mwana ayenera kukhala mumpando woyenera msinkhu wake kufikira atakwana zaka 12 kapena atatalika masentimita 135, chimene chayamba kukwanira, ndipo wozengedwa mlandu ndi dalaivala. Kukhoti chindapusa chimafika mapaundi 500. Ku South Africa lamulo la mu 2015 limati mwana wosakwana zaka zitatu asayende m'galimoto popanda mpando wake. Mpongozi uja pobisala kuseri kwa apolisi sananame, ndipo ndimaona kuti ubwino wina wa lamulo ndi womwewo: limam'patsa wamng'ono pakamwa pokanira wamkulu popanda kuoneka wamwano.

Kugula mpando si mapeto a nkhani, chifukwa kusemera kwina kumachitika mpando uli m'galimoto momwemo. Khanda limayenera kukhala chopenya kumbuyo. Mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, pomwe khosi likadali lanthete. Likakhala chopenya kutsogolo, malamba amagwira chifuwa koma mutu umaponyedwa, ndipo mphamvu yonse imathera pakhosi. Likapenya kumbuyo, mutu, khosi ndi msana zimakankhikira pamodzi m'chikhokhombe cha mpando. Nzeru imeneyi anaiyamba ndi Bertil Aldman wa ku Sweden cha m'ma 1964, ataona mmene anthu opita kuthambo ankagonera chagada m'zombo zawo kuti msana wonse ulandire mphamvu ya kunyamuka. Mpaka lero ku Sweden ana ambiri amakhala chopenya kumbuyo kufikira zaka zinayi. Muyezo watsopano wa ku Ulaya, wotchedwa R129 kapena i-Size, umati mwana asatembenuzidwe asanakwane miyezi 15. Komabe makolo ambiri amafulumira kum'tembenuza, ati miyendo yapanikizika, ati akufuna aziona msewu, ati akulira chifukwa sakuona nkhope ya mayi. Mwana amapinda miyendo mosavuta, ndipo mwendo ukathyoka umalumikizika. Khosi ndi nkhani ina.

Kusemera kwachiwiri kumadza mwana akayamba kunena kuti "ndakula, mpando ndi wa ana". Lamba wa m'galimoto, amene Nils Bohlin anakonza ku kampani ya Volvo mu 1959, anapangidwira thupi la munthu wamkulu. Pa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, lamba wapaphewa amadutsa pakhosi, wam'munsi amakwera n'kukhala pamimba m'malo mogwira mafupa a m'chiuno. Pangozi lambayo amafinya matumbo ndi chiwindi, ndipo akhoza kuthyola msana. Mwanayo poona kuti lamba akum'kwecha pakhosi amam'pititsa kunsi kwa khwapa kapena kumbuyo, zinthu n'kuipiraipira. Kampando kokweza mwana, kamene amati booster, ntchito yake ndi yomukweza kuti lamba adutse pakati pa phewa ndi pamwamba pa ntchafu. Choyezera ndi kutalika ndi kulemera kwa mwana, osati zaka zake zokha, ndiponso osati manyazi ake pamaso pa anzake.

Zina ndi zazing'ono koma n'zimene zimapulumutsa. Mpando wopenya kumbuyo usaikidwe kutsogolo pamene pali airbag (thumba la mpweya lotetezera pangozi) yosazimitsa, chifukwa ikaphulika imamenya mpandowo pamutu penipeni pa khanda. Malamba akhale othina moti mukawatsina ndi zala paphewa la mwana asapindike. Jekete lochindikala la nyengo yozizira livulidwe kaye, poti pangozi limaphwa n'kusiya mpata woti mwana apulumukiremo. M'fundikeni pamwamba mutamanga kale. Mpandowo mukaugwedeza m'tsinde usamayendeyende. Magalimoto ambiri a zaka zaposachedwa ali ndi tizitsulo tiwiri tobisika pamene msana wa mpando wakumbuyo wakumana ndi pokhalira, totchedwa ISOFIX, tokolekapo mpando wa mwana. Lowetsani dzanja pamenepo, mwina muli nato osadziwa. Ndipo mpando wogula pakaunjika ndi wofunika kuuganizira kawiri. Ukhoza kuoneka watsopano pomwe unachitapo ngozi n'kung'aluka m'kati. Ngati palibe kuchitira mwina, onani kuti kachizindikiro kofiirira ka muyezo wakale wa R44 kapena wa R129 kalipo, malamba sanathetheke, ndipo chomangira chikulira pomanga. Woposa onse ndi wochokera kwa m'bale amene angakuuzeni mbiri yake.

Kodi ndiye kuti mwambi uja tiusiye panja tikamalowa m'galimoto? Ine sindikutero. Umagwirabe ntchito, bola kholo lisankhe bwino chimene likusema. Mwana asankhe yekha chidole chopita nacho, akwere yekha mumpando, amange kaye chidole chakecho. Akamasula lamba pamsewu, imitsani galimoto pamalo abwino, zimitsani injini, muuzeni modekha kuti siyenda kufikira atamanga. Ngati kumene mukupitako kuli phwando, alipeze litayamba. Ngati kuli mpira, aupeze uli pakati. Imeneyo ndiyo nyanga yoti imufotere, chifukwa kutayika kwake angakusenze, ndipo mawa adzakumbukira. Khanda likalira ndi njala, imani, liyamwitseni, libwezereni mumpando, kenaka pitirizani. Kufika mochedwa kumaliro kapena kuukwati anthu amakhululuka. Pa kumangidwa kwenikweniko m'pamene palibe kukambirana, kaya wopempha ndi mwana, kaya ndi agogo.

Ndikudziwa kuti ena powerenga izi ati ndi nkhani ya anthu olemera, ndipo sakulakwa kwenikweni. Mayi wa kwathu kuno wokwera minibasi pamsewu wa M1 ndi mwana pamiyendo, kapena wokhala pakabaza mwana ali kumsana, alibe poika mpando ngakhale mutam'patsa waulere. Lamulo la ku South Africa lija silikhudza maminibasi, momwe mumayenda ana ochuluka a anthu osauka. Kudzudzula mayi wotere n'kumulakwira, pakuti sanalirire nyanga iliyonse. Wapatsidwa chimene chilipo. Mlandu wake uli kwa amene amalola minibasi zopanda malamba, zodzaza mopyola muyezo, kuyenda pamsewu.

Koma umphawi wa ena usakhale pobisalira amene angathe. Munthu amene waitanitsa galimoto kuchokera ku Japan, walipira sitima mpaka ku Dar es Salaam, walipira msonkho pachipata, sanganene kuti mpando wa mwana wam'kanika. Ndimamva chisoni ndikaona galimoto yonyezimira, bambo atamanga lamba wawo bwinobwino, mwana ataimirira pakati pa mipando iwiri yakutsogolo akuyang'ana msewu. Pakati pa olemera ndi osauka palinso mabanja ambiri amene akanagula mtengo ukanatsika, ndipo apa boma likhoza kuchitapo kanthu pochotsa msonkho pa mipando imeneyi lisanayambe kulipiritsa anthu chindapusa. Ku Johannesburg kuli bungwe la Wheel Well limene limatolera mipando imene ana ena aikulira, kuiyang'ana, kuitsuka n'kuipereka kwa makolo ovutika. Mipingo yathu ndi magulu a amayi, amene amadziwa kale kubwerekana mapoto akuluakulu a pamaliro ndi paukwati, akhoza kuchita chimodzimodzi, n'kumalemba m'kabuku mpando uliwonse kumene wachokera ndi ngati unachitapo ngozi.

Pamene mpando palibiretu, pali zochepa zimene munthu angachitebe. Lamulo la ku Britain, pa ulendo wa pa takisi yopanda mpando wa mwana, limati mwanayo akhale kumbuyo, ndipo wa zaka zitatu kupita m'tsogolo amange lamba wa akuluakulu. Mayi wa mu minibasi akhoza kutengapo nzeru yomweyo: kondakitala akam'lozera mpando wakutsogolo pafupi ndi dalaivala, aukane, apemphe wa m'katikati, ndipo ngati wadzaza adikire minibasi ina.