Nyimbo ya Pamtondo ndi Mbiri ya Mnzathu

Pali funso looneka laling'ono, koma likhudza mtendere wa mabanja ambiri: kodi munthu ali ndi ufulu wotenga za m'nyumba mwake ndi kuziika m'nyimbo kuti anthu onse amve? Wina adzati, "Moyo ngwanga, masautso nganga, pakamwanso mpanga." Zoonadi. Koma palibe angaimbe za moyo wake osakhudzamo ena, pakuti moyo wa munthu uli wolukana ndi wa mnzake wa m'banja, wa apongozi ake, ndi wa mnansi wa kuseri kwa nkhokwe.

Makolo athu adalidziwa funsoli, ndipo adaliyankha pamtondo. Mtengwa amene adasiya kwao nakakhala pakati pa abale a mwamuna sakadatha kuima pamaso pa apongozi ndi kuwauza kuti akumzunza. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Tsono ankadikira nthawi yokonola. Munsi ukamagunda, iye ankaimba za mwamuna wothera ndalama ku mowa, za mkazi mnzake wa pamitala, za mtchona amene adapita ku Joni kapena ku Halale osatumizako ngakhale kalata, anzake nkumavomereza. Nkhani za pamudzi zinkamveka motero, ndipo akulu ankatchera khutu.

Ine ndiyesa kuti mwambo umenewu unali wolungama, ndipo chimene chidaulungamitsa ndicho malire ake. Woimbayo anali wodziwika, sankabisala ai. Woimbidwayo anali pafupi, mwina ali pakhonde kusema mpini, ndipo akadatha kuyankha, kapena kukonza mayendedwe ake mwakachetechete. Dzina kawirikawiri silinkatchulidwa; ankangophiphiritsa, kotero kuti mwini nkhani ankadzimva yekha, pamene mlendo wapaulendo ankangomva nyimbo yokoma. Ankhoswe akamva, ankadziwa kuti m'nyumba muja simuli bwino, nafulumira kukawakhazika pansi awiriwo. Ndipo mphale ikayera, nyimbo inkathera pomwepo, kuuluka pamodzi ndi gaga.

Malire amenewa adayamba kugwa pamene mawu adapeza njira yokhalitsa kupambana mwini wake. Hugh Tracey adayenda m'dziko lino ndi makina ake m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, natola nyimbo za bangwe, za kalimba, ndiponso za amayi pamtondo. Mawuwo akusungidwa ku International Library of African Music, nyumba imene iye adaikhazikitsa mu 1954, ndipo kuyambira 1978 ili pa Rhodes University ku South Africa. Tiyenera kumthokoza, makamaka tsopano pamene chigayo chatontholetsa mitondo yambiri. Komabe taganizani za mwamuna amene adaimbidwa tsiku limenelo: kaya adasiya mowa m'mawa mwake, kaya adangomsemera chinyau, iye sangayankhenso, koma nyimbo ikumnenabe.

Wayilesi idakulitsa bwalo. Kuyambira 1949 mawayilesi otsika mtengo, aja onga sefuliya, adalowa m'midzi, anthu namamvera nyumba ya mphepo ya ku Lusaka kumene Alick Nkhata ankaimba. Ndipo mu 1964 MBC idabadwa kwathu kuno. Lero bwalolo lilibe mpanda. Mnyamata amene mtsikana wamkana apeka nyimbo masana, aijambula, ndipo pofika madzulo ili m'mafoni a anthu a ku Mzuzu ndi a ku Johannesburg, amene sadziwa mbali ya mtsikanayo, ndipo alibe chifukwa chakuifunsira.

Kodi tsono tiziti onse akhale chete? Iyai. Kukhala chete kumakomera wamphamvu. Mkazi womenyedwa, wantchito womanidwa malipiro, mwana wamasiye wolandidwa munda, ngati tiwatseka pakamwa m'dzina la ulemu, ndiye kuti tagwirizana ndi wowazunza. Choipa chimene chikupitirira, ndipo chingalekeke anthu atachidziwa, nchoyenera kuimbidwa mokweza, makamaka pamene ankhoswe ndi anyakwawa adauzidwa koma osachitapo kanthu.

Koma aphunzitsi athu akumbutse anthu kuti kunama si njira yokha yoonongera mbiri ya mnzathu. Munthu angathe kunena zoona zokhazokha, nachimwirabe mnzake, ngati aulula popanda chifukwa chokwanira chinsinsi chimene adachidziwa chifukwa chakuti ankadyera naye mbale imodzi. Apa ngakhale mtondo wakale udalakwapo. Panali nyimbo zonyoza chumba ndi zoseka gojo, anthu amene sadapalamule kanthu, ndipo palibe nkhoswe akadatha kuwakonzera vuto lao. Nyimbo zotero sizinkafuna kuwongola munthu, koma kumchititsa manyazi basi, ndipo kukoma kwa maimbidwe ake kunkangokulitsa bala.

Choncho mnyamata wa gitala akabwera ndi nyimbo ya zimene zamuonekera, tisayambe ndi kumfunsa ngati zili zoona, pakuti adzalumbira kuti nzoona, ndipo mwina sakunama. Timfunse ngati angaiimbe mwini nkhani ali chikhalire patsogolo pake, monga ankachitira amayi aja. Timfunsenso za mwana amene mtsikanayo adzabala, amene patapita zaka khumi adzalowa m'basi popita ku sukulu, namva dzina la mai wake likutuluka m'wayilesi, anzake ali pambali kuvomereza.