Ndani Akulipira Magetsi Oyera?

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo tinakhala miyezi yambiri magetsi akuzimazima. Anamondwe akukulira mphamvu chifukwa cha kusintha kwa nyengo, kumene kukuchokera kwambiri ku utsi wa malasha ndi mafuta. N'chifukwa chake mayiko akufunafuna magetsi osatulutsa utsi woterewu, koma pa njira yake sakumvana. Dziko la Germany linatseka malo ake omaliza opangira magetsi a nyukiliya mu Epulo 2023 n'kulimbikira mphepo ndi dzuwa. Dziko la France, loyandikana nalo, limapeza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a magetsi ake ku nyukiliya.

Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Nyukiliya imapereka magetsi usana ndi usiku, mvula igwe isagwe, koma zinyalala zake zimakhala zoopsa kwa zaka masauzande ambiri. Ku Finland akumba mapanga m'thanthwe, mamita oposa 400 pansi, oti asungemo zinyalalazo kwa zaka 100,000. Dzuwa silisiya zinyalala zotere, ndipo ku Salima tili kale ndi mapanelo opanga mamegawati 60. Komabe dzuwa limalowa, ndiye pamafunika mabatire osungira magetsi. Mabatire ena amapangidwa ndi cobalt, amene wambiri amakumbidwa ku Congo, kumene m'migodi ina mumagwira ntchito ana.

Ifenso nkhaniyi ikutikhudza. Uranium, mwala umene umayendetsa makina a nyukiliya, unayamba kukumbidwa ku Kayelekera m'boma la Karonga mu 2009. Unkapita kukaunikira mizinda ya kunja pamene mabanja ambiri a kumidzi kuno alibe magetsi.

Taonani kuti njira iliyonse ili ndi munthu amene amasenza katundu wake koma sapezeka pamene anthu akugamula. Wina ndi mwana wa mumgodi, wina ndi mlimi wokhala pafupi ndi mgodi, winanso ndi mdzukulu wosabadwa amene adzalandire zinyalala zathu. Bahá'u'lláh amatiphunzitsa kuti mtundu wa anthu ndi banja limodzi. Ngati timakhulupiriradi zimenezi, sitingatche magetsi kuti ndi oyera pongoona kuti kwathu kulibe utsi. Chilungamo chimafuna kuti tiwerenge mtengo wonse, ndipo amene akuulipira apatsidwe mpata wolankhula komanso gawo la phindu.

Mwina dziko lina lidzafunika njira zonse ziwiri. Sayansi ingatithandize kuyeza ngozi ndi mtengo wa njira iliyonse, koma kugawana katunduyo mwachilungamo ndi ntchito ya chikumbumtima chathu. Pokambirana, tisakakamire mbali imene tinabwera nayo. Tiike maganizo athu pakati pa gulu n'kufufuza choonadi limodzi.

Funso lokambirana: pa zinthu zimene timagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, monga foni, makala kapena nyale ya sola, ndani walipira mtengo umene ife sitinauone, ndipo tingamuchitire chiyani?